ZIPATSO ZATHU ZISAOLERE PANSI PA MTENGO

Awa ndi mau amene mlangizi wa zaulimi anakamba kwa alimi a m'boma la Chipata. Tawasindikiza pano kuti nawonso amene sanafike pa msonkhanowo awamve.

Nkhani imene ndakutengerani lero ndi ya zipatso, makamaka mango, pakuti ndico cipatso cimene ciri pakhomo pa munthu ali yense kuno kum'mawa. Ndidzanenako pang'ono za malalanje ndi nthoci.

Munthu akayenda pa mseu wocokera ku Chipata kunka ku Katete, kapena wa ku Chadiza, kapena wa ku Lundazi, m'mwezi wa Disembala, amaona mabeseni a mango atandanda m'mbali mwa mseu, ndipo ogulitsa acuruka kuposa ogula. Akapatuka kulowa m'mudzi amapeza pansi pa mitengo pali mango ambirimbiri akuola, nchenche ziri ng'ung'udza. Tsono abwerenso m'mudzi womwewo m'mwezi wa Juni: ana alibe cipatso ciri conse coti aike kukamwa. Ogula ocokera ku Lusaka amadziwa bwino zimenezi. Amadziwa kuti mwini mango sangakane mtengo uli wonse, cifukwa akakana lero, mkuca katundu wace waola. Ndiponso wogulayo ali nawo mantha ace, pakuti ulendo wa ku Lusaka ndi wa makilomita oposa 550, ndipo sadziwa kuti m'matumba mwace mudzatsala angati abwino pofika ku msika wa Soweto. Cotero amatsitsa mtengo kuti adzichinjirize, ndipo amene alipira kuola kwa panjira ndi inu alimi.

Cinthu coyamba cimene tiyenera kumvetsa ndi ici: cipatso cikathyoledwa sicinafe. Cimapumabe monga momwe nyama imapumira, cimatulutsa madzi ndi kutentha, ndipo cimadya cakudya cimene cinasunga m'kati mwace. Cikakhala pa dzuwa cimapuma mofulumira ndi kukalamba msanga. Cikakhala ndi bala, balalo ndilo khomo la matenda. Koma zoononga zambiri zimene timaziona m'dengu zinalowa kale cipatso ciri pa mtengo, ndipo ndi cifukwa cace nkhani ya kusunga zipatso imayambira m'munda.

NCHENCHE YOIKA MPHUTSI

Ambiri a inu mwakhala mukudandaula kuti mango a masiku ano ali ndi mphutsi kuposa kale. Simukunama. Mphutsi zija sizibadwa zokha m'cipatso monga ena amaganizira, koma ndi ana a nchenche ina yaing'ono, yosiyana ndi ya m'nyumba, ya mawanga acikasu pamsana ndi mapiko oonekera. Mtundu wina wa nchenche imeneyi ndi wa konkuno ku Africa, ndipo unali kukhalira zipatso za m'thengo monga mfula mango asanacuruke m'midzi. Koma mu 2003 ku Kenya kunapezeka mtundu wina wacilendo wocokera ku Asia, umene akatswiri amaucha Bactrocera dorsalis. Unafalikira mofulumira kwambiri. Mu 2007 unapezeka ku Cuamba, m'cigawo ca Niassa ku Mozambique, ndipo pofika 2008 unali utalowa m'Zambia. Nchenche imeneyi siinauluke yokha mtunda wonsewo ai. Inakwera basi ndi malole, iri m'kati mwa zipatso zimene anthu ananyamula.

Mverani tsono m'mene imakhalira, cifukwa mdani wosamdziwa njira zace simungamchere msampha. Yaikazi imatera pa bango limene layamba kukhwima, nkuboola khungu ndi kansonga ka kumbuyo kwace, nkuikira mazira m'kati. Poboolapo ndi pang'ono kwambiri, mwina mungaone kadontho ka utomoni cabe. Pakapita masiku awiri kapena atatu mazira aja amaswa, ndipo mphutsi zimadya mnofu wa cipatso kwa sabata imodzi kapena awiri. Cipatsoco cimafewa malo amodzi, cimapsa nthawi yace isanakwane, nkugwa. Cikagwa, mphutsi zimaturuka ndi kulowa m'dothi, osati pansi kwenikweni, kungokwiririka pang'ono, ndipo zimasanduka tinthu tofiirira tonga njere za mpunga. Pakapita masabata ngati awiri mumaturuka nchenche zatsopano, nkukwera mu mtengo womwewo. Yaikazi imodzi ingathe kuikira mazira mazanamazana pa moyo wace. Mango akatha, imasamukira ku magwafa, malalanje, mapapaya ndi makotapela, nkumadikira caka camawa.

Mwaona tsono kuti pansi pa mtengo wanu, pamene mwasiya mango ogwa, ndipo pa khola loswera nchenchezi. Nchito yoyamba, yosafuna ngwee ngakhale imodzi, ndiyo kutola zipatso zonse zogwa, tsiku ndi tsiku ngati nkotheka, koma osapitirira masiku atatu. Musayembekeze kuti mango ayambe kupsa. Yambani ndi aang'ono amene amayoyoka m'Okutobala. Mukatola musangokataya kudzala, cifukwa kumeneko mwangozisamutsira nchenchezo ku nyumba ina. Amene muli ndi nkhumba, zipatseni tsiku lomwelo. Ena kumbani dzenje, ndipo pokwirira dothi la pamwamba likhale lokwana theka la mita, muliponderenso, pakuti nchenche yongobadwa imatha kuboola dothi locepa. Njira ina ndiyo kuika zipatsozo m'thumba lakuda la pulasitiki lopanda zibowo, kulimanga kukamwa ndi kulisiya pa dzuwa sabata yathunthu. Kutentha kumapha mphutsi zonse, ndipo zotsalazo mukhoza kuzithira m'dzenje la manyowa.

Pali msampha umene ena a inu munauona. Ndi botolo la pulasitiki lobooledwa m'mbali, ndipo m'kati mumalendewera kathonje konyika m'mankhwala onunkhira ochedwa methyl eugenol, osakaniza ndi mankhwala akupha. Fungo lace limaitana nchenche zazimuna za mtundu wacilendo uja kucokera kutali, ndipo zikalowa zimafera momwemo. Zazimuna zikacepa, zazikazi zambiri zimaikira mazira osaswa. Botololi licezeke pa nthambi ya mumthunzi, pa msinkhu wa munthu wamkuru atatukula dzanja, ndipo kathonje kasinthidwe pakapita masabata 6 mpaka 8. Koma ndikucenjezeni ziwiri. Msampha umenewu sugwira zazikazi, ndiponso suitana nchenche yakwathu ija ya mfula, conco munthu asaone botolo ladzaza nkuleka kutola zogwa. Caciwiri, nchenche siidziwa malire a munda. Inu mukachera misampha koma mnansi wanu wasiya mango ace akuola, nchenche zace zidzadya kwa inu. Mutu umodzi susenza denga. Apa ndipempha inu mafumu ndi anyakwawa kuti mudzi wonse ukhale ndi tsiku lotola mango ogwa, monga m'mene mumaitanira anthu ku nchito yolambula mseu. Mitengo ya pa sukulu, ya pa chalichi ndi ya m'mabwinja, imene iribe mwini woisamala, ndiyo imasunga nchenche zambiri, ndipo iyenera kupatsidwa anthu oiyang'anira.

Za zazikazi pali nyambo ina ya mapulotini imene amagulitsa m'masitolo a zaulimi. Siipoperedwa mtengo wonse, koma kamalo kamodzi ka masamba, kamodzi pa sabata, kutali ndi zipatso. Amene muli ndi mitengo yocepa ya mango a mtengo wapatali, monga Tommy Atkins, Kent ndi Keitt, imene inacokera ku Florida, mungathe kuveka cipatso ciri conse kathumba ka pepala cikafika pa msinkhu wa dzira la nkhuku. Ndi nchito yotopetsa, ndipo pa mtengo waukuru wa makolo singatheke, koma pa mtengo wolumikiza, waufupi, bango lace limaturuka losalala lopanda banga.

Bungwe lofufuza za tizirombo la icipe, limene likulu lace liri ku Nairobi, linabweretsa m'Africa timavu tating'ono kucokera ku Hawaii timene timaikira mazira athu m'mazira ndi m'mphutsi za nchenchezi nkuzipha. Timavuti sitiluma munthu. Kuyambira mu 2019 bungweli linagwira nchito ndi alimi a mango m'Zambia, Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe. Linaphunzitsanso kumanga kathenti kotayiramo zipatso zogwa, kokhala ndi sefa ya maso aang'ono pamwamba: nchenche zimakanika kuturuka nkufera m'kati, koma timavu timapyola ndi kubwerera m'munda. Ndinenenso za nyerere zofiira zija zimene zimaluka masamba nkumanga zisa m'mitengo, kumene zimapezeka. Anthu amazitentha cifukwa zimaluma pothyola mango. Koma ku Benin anapeza kuti mitengo yokhala ndi nyererezi imakhala ndi mphutsi zocepa, popeza nchenche zimaopa kuterapo. Munthu aganize kawiri asanaziyatsire moto.

Kutola zogwa kumathandizanso pa kacirombo kena konga nankafumbwe wamkuru, kamene kamakulira m'kati mwa nthangala ya bango osaonekera kunja. Nthangala zimene ana amataya pabwalo atadya mango zisonkhanitsidwe ndi kutenthedwa kapena kukwiriridwa.

MAWANGA AKUDA

Mdani waciwiri ndi matenda a mawanga akuda, amene m'mabuku amachedwa anthracnose. Mumathyola bango looneka bwino, lopanda cirema, koma likayamba kupsa m'nyumba pamabuka mawanga akuda olowa m'kati, mwina otsetsereka ngati misozi kucokera kumutu. Ambiri amati laola cifukwa ca kusungidwa. Iai, linadwala kale pa mtengo. Matendawa ndi mtundu wa cuku, ndipo mbeu zace, zosaoneka ndi maso, zimakhala pa nthambi zouma ndi pa masamba odwala. Mvula ikagwa, madontho amazimwaza pa zipatso. Mbeuzo zimamera pang'ono pa khungu nkugona tulo, kudikira kuti cipatso ciyambe kupsa, pamenepo ndipo zimadzuka. Ndi cifukwa cace mango ocedwa, a mu Januwale ndi Febuluwale, amene avumbwa mvula yambiri, amakhala ndi mawanga kuposa oyambirira a mu Novembala.

Mtengo wothithikana, umene dzuwa ndi mphepo sizilowa m'kati mwace, umakhala wonyowa tsiku lonse mvula ikagwa, ndipo ndiwo nyumba ya matendawa. Mankhwala ace oyamba ndi sowo: kucotsa nthambi zouma, zopingasana ndi zoloza m'kati, nkuzitentha. Amene alima mango ogulitsa angapopere mankhwala a mkuwa ochedwa copper oxychloride zipatso zikangogwira, ndi kubwereza monga mwalembedwa pa paketi, makamaka mvula ikayamba. Palinso nthenda ina ya maluwa imene imadza nthawi yozizira, m'Julayi ndi Ogasiti, pamene anthu akukonzekera Kulamba ku Mkaika. Maluwa amayera ngati awazidwa ufa, kenaka amada ndi kuyoyoka, ndipo mtengo umene unacita maluwa ambiri umabala zipatso zowerengeka. Mankhwala ace ndi a sulufule, opopera maluwa asanamasule onse, m'mawa kapena madzulo, osati dzuwa liri paliwombo.

Pano ndiime pang'ono. Kuno timalima thonje, ndipo m'nyumba zambiri muli mabotolo a mankhwala a thonje otsala. Mankhwala amenewo asapoperedwe pa mango, pa magwafa kapena pa cipatso ciri conse. Sanapangidwire cinthu cimene mwana adzathyola ndi kudya osatsuka. Ngakhale mankhwala oyenera zipatso ali ndi masiku ace oyembekeza musanathyole, ndipo masikuwo amalembedwa pa botolo. Wosadziwa kuwerenga afunse mlangizi kapena mwana wa sukulu. Palibe manyazi pamenepo.

KATHYOLEDWE

Tsopano tifike pa tsiku lothyola, pamene nchito ya caka conse imaonongeka m'maola awiri. Mnyamata amakwera mu mtengo nkugwedeza nthambi, ena amagenda ndi miyala kapena kukwapula ndi nsungwi, ndipo mango amagwa pa nthaka youma. Bango laliwisi likagwa silionetsa bala tsiku lomwelo. Limaonetsa pa tsiku lacitatu, liri m'manja mwa wogula, ndipo wogulayo caka camawa sabweranso m'mudzi mwanu. Pangani cothyolera: nsungwi yaitali, kunsonga kwace waya wopinda ngati mkombero wa licero laling'ono, ndi kathumba ka nsaru kosokerera pa wayayo, kuti cipatso cigwere m'kathumba. Cinthu cimeneci mwana wa sukulu angacipange madzulo amodzi.

Mango opita kutali athyoledwe atakhwima koma asanafewe. Muwadziwa ndi mapewa ace: m'mbali mwa kaphesi kamene kagwira cipatso ku nthambi mumadzaza ndi kutukuka, ndipo mukadula limodzi mupeza mnofu wa pafupi ndi nthangala wayamba cikasu. Losakhwima silidzapsa bwino ngakhale mulifundike motani. Limangonyala ndi kuwawasa. Thyolani m'mawa mame atauma, osati mvula iri kugwa kapena itangokata.

Utomoni wa mango umaocha khungu la cipatso, monga umaochera milomo ya ana. Bango likathotholedwa pamutu penipeni utomoni umathovoka ndi kuyenderera, ndipo pamene wadutsa pamada, napakhala polowera matenda. Conco thyolani ndi kaphesi kotalika ngati cala. Mukafika pamthunzi dulani kaphesiko kutsale kakafupi, ndipo muike mangowo cozondoka pa thandala, mutu pansi, kwa theka la ola, kuti utomoni ukhe osakhudza khungu. Musawaike pa dothi, pakuti m'dothi ndi pa zinyalala muli cuku cina cimene cimalowera pa bala la kaphesi ndi kuoletsa bango kuyambira kumutu.

Kenaka sankhani. Lobooledwa, loswa, lofewa ndi la mawanga likhale padera, lidyedwe kapena liumitsidwe lero lomwe ngati mnofu wace uli bwino. Akuluakulu anati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo pa zipatso mau amenewa ali ndi cifukwa cace ceniceni. Cipatso cakupsa kapena covulala cimatulutsa mpweya wina wosaoneka umene umafulumiza zinzace kupsa. Amai amaudziwa mpweya umenewu ngakhale sauchula dzina, cifukwa ndiwo umagwira nchito akafundika nthoci mumtsuko pamodzi ndi cipatso cakupsa. Pofuna kupsetsa ndi wabwino. Pofuna kusunga ndi mdani. Ndipo amene amapsetsa zipatso ndi kabaidi wa owocherera zitsulo aleke, pakuti kabaidi ali ndi zoipa zina zovulaza munthu, ndipo cipatso cace cimangofiira kunja m'kati ciri ciwisi.

Alimi otumiza mango kunja amawaviika m'madzi otentha kuti aphe cuku cogona pa khungu, ndipo kalabu ya alimi ingathe kucita cimodzimodzi. Madzi akhale otentha madigiri 52, ndipo mango akhalemo mphindi 5. Akapitirira madigiri 55 khungu limapsa, akacepera 50 sapha kanthu. Kuno ku Chipata, popeza tiri pamtunda, madzi amawira pa madigiri ngati 96, conco mukasakaniza zidebe 2 za madzi owira ndi zidebe 3 za madzi a pacitsime mufika pafupi ndi muyeso umenewu. Komabe mango ozizira akalowa, madzi amazirala, ndipo kuyesa ndi cala kumanamiza. Kalabu igule kacipangizo kopimira kutentha. Mtengo wace ndi wocepa poyerekeza ndi dengu limodzi loonongeka. Mukaturutsa, yanikani pamthunzi mpaka aume. Dziwani kuti mphindi 5 zimenezi siziipha mphutsi imene iri m'kati mwa mnofu. Maiko ena amafuna kuti mango aviikidwe m'madzi a madigiri 46 kwa nthawi yoposa ola kuti mphutsi zife, ndipo imeneyo ndi nchito ya makina, osati ya pa mafuwa.

Za matumba ndinene mosabisa: thumba la cimanga si cotengera mango. Zipatso za pansi zimaphwanyidwa ndi za pamwamba, mphepo siilowa, ndipo pa lole anthu amakhalira matumba omwewo. Kireti ya pulasitiki kapena bokosi la matabwa losadzaza mpaka pakamwa ndilo loyenera, cifukwa posanjika kulemera kumagwera pa bokosi, osati pa cipatso. Amene alibe, ayale udzu wouma kapena mapepala m'dengu, ndipo dengulo lisakhale lakuya. Poyembekeza galimoto pa mseu katundu akhale pamthunzi, ndipo asafundidwe ndi pulasitiki, imene imasunga kutentha ngati mphika wovundikira.

KUSUNGA

Mango othyoledwa bwino, okhwima koma osafewa, akhoza kukhala sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono m'cipinda cozizira bwino copita mphepo, atayalidwa pa mphasa kapena pa thandala osaunjikana. Muziwayendera tsiku liri lonse ndi kucotsa amene ayamba kufewa. Inu a m'tauni ndi a magolosale amene muli ndi mafiriji, musaikemo mango aawisi kapena nthoci. Zipatso za kotentha zimadwala ndi cisanu cikatsika pansi pa madigiri 13: nthoci imada khungu, bango limacita mathothomathotho otuwa ndipo silipsanso bwino. Lakupsa kale likhoza kukhalamo masiku ocepa.

Pali nkhokwe ina yoziziritsa popanda magetsi, imene akatswiri a zaulimi a ku New Delhi, ku India, anaikonza m'zaka za m'ma 1980. Mumamanga pamthunzi zipupa ziwiri za njerwa zoocha, cina m'kati mwa cinzace, zofika m'ciuno mwa mwana, ngati masentimita 70, ndipo pakati pa zipupazo pamatsala mpata wa zala zinai. Mumpatamo mumathira mcenga wa kumtsinje ndi kuunyowetsa m'mawa ndi madzulo. Pamwamba mumavundikira ndi citseko ca nsungwi ndi masaka onyowa. Madzi akamauma m'njerwa amatenga kutentha kwa m'kati, monga m'mene mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa. Mphunzitsi wina wa ku Nigeria, Mohammed Bah Abba, anafalitsa nzeru yomweyo ndi miphika iwiri yadothi, waung'ono m'kati mwa waukuru, mcenga wonyowa pakati. Koma ndisakunamizeni. Nkhokwe imeneyi imagwira bwino nchito mphepo ikakhala youma, m'Sepitembala ndi Okutobala, pamene ingasunge tomato, ndiwo zamasamba, mapapaya ndi malalanje masiku ambiri ndithu. M'dzinja, pamene mango acuruka, mphepo imakhala ndi cinyezi, madzi sauma msanga, ndipo kuzizira kwace kumacepa. Mangani, koma musaike ciyembekezo canu conse ca mango pa iyo.

Njira yosunga mango mpaka m'cisanu ndiyo kuumitsa. Amai a kuno safuna kuphunzitsidwa kufutsa, pakuti mfutso wa nkhwani ndi wa khwanya uli m'zikwatu m'nyumba iri yonse. Cimene casowa ndi kucita ndi mango monga ticitira ndi ndiwo. Tengani akupsa koma olimba, makamaka a mitundu yopanda ulusi wambiri. Tsukani manja, mpeni ndi zipatso. Sendani ndi kulenga tizidutswa topyapyala, tosaposa theka la sentimita, muviike pang'ono m'madzi ofinyiramo mandimu kuti tisade, nkuyala pa sefa kapena pa nsaru yoyera pa thandala, tosagundana. Pamwamba pakhale neti yoletsa nchenche. Bvuto ndi lakuti nthawi ya mango ndi ya mvula, ndipo zidutswa zikacedwa kuuma zimacita cuku. Coumitsira ca dzuwa cimathandiza apa: ndi bokosi la matabwa, lakuda m'kati, lovundikira ndi pulasitiki yoonekera, lokhala ndi mipata ya mphepo pansi ndi pamwamba. M'kati mumatentha kuposa kunja, ndipo mvula yodzidzimutsa siinyowetsa kanthu. Yambani ndi mango oyambirira, dzuwa la Novembala lisanabisike. Zouma bwino zimapindika ngati cikopa ndipo sizituruka madzi pofinya. Zisungidwe m'botolo louma lotseka bwino, pa mdima. Musadabwe kuona kuti zacepa: makilogalamu 10 a mango kapena kuposapo ndiwo amapereka kilogalamu imodzi youma. Koma kilogalamu imeneyo siiola pa mseu, ndipo mwana akadya m'Juni amapezamo cina ca cakudya coteteza maso ndi thupi cimene cimasowa nthawi imeneyo.

Za malalanje, manachesi ndi mandimu mau ndi ocepa. Cuku cobiriwira cimene cimawaphimba cimalowera pa bala lokha. Conco dulani ndi kampeni kapena sizasi m'malo mokoka, wengani zikhadabo, musathyole onyowa, ndipo lalanje logwa pansi lisalowe m'dengu limodzi ndi othyola.

Nthoci idulidwe anthu ali awiri, wina kudula wina kulandira mkoko pa phewa, kuti usagunde pansi. Mapava apatulidwe ndi mpeni wakuthwa, woyera, ndi kutsukidwa utomoni, cifukwa bala lophwanyika ndilo limayamba kuola. Koma coopsa cacikuru ca nthoci ciri m'munda. Pali matenda a kacirombo kosaoneka amene amacititsa masamba kuturuka aafupi, oimirira, othithikana pamwamba ngati tsache, ndipo nthoci yotere siibala. Matendawa anaononga minda yambiri ku Malawi kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo m'Zambia alimonso. Amafalitsidwa ndi nsabwe zakuda zokhala m'khwapa mwa masamba, ndiponso ndi ife anthu, potenga mbeu kwa abale. Alibe mankhwala. Phata lodwala lizulidwe lonse pamodzi ndi ana ace, liduliridwe ndi kukwiriridwa. Ndiponso mu 2013 m'cigawo ca Nampula ku Mozambique munapezeka matenda ena ofotetsa nthoci, okhala m'dothi zaka zambiri, oyenda ndi mbeu ndi matope a ku mapazi ndi ku makasu. Ife tiri pa malire a maiko awiri, ndipo abale athu ali tsidya la Mwami ndi la Chanida. Pokaceza kaceze, koma mbeu ya nthoci yosadziwika kumene yacokera musabwere nayo, ngakhale mwapatsidwa ndi apongozi.

Nchito yodulira mitengo ya mango, imene ndinanena ija, nthawi yace ndi pamene zipatso zangotha, masiku a Nc'wala ya ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, kuti mtengo uphuke nthambi zatsopano zisanafike nthawi za maluwa. Musadule mtengo wonse caka cimodzi. Cotsani nthambi ziwiri kapena zitatu zazikuru za pakati kuti dzuwa lilowe, zina mudzacotse caka cinaco. Amene afuna kuona kadulidwe kace, kapena kudziwa kumene kumapezeka mankhwala a msampha ndi mbande zolumikiza, aonane ndi mlangizi wa kempu yace, ndipo mafunso amene iye sangathe kuyankha adzawatengera kwa akatswiri a ku Msekera. Tsopano ndikhala pansi kuti mufunse. Amai ayambe, pakuti ndiwo amakhala ndi mabeseni pa mseu.